Wi-Fi Ikasowa, Funsani Kaye kwa Ankhoswe

Ana anga, munthu amene laputopu yake yadzuka yopanda Wi-Fi amadziwika ndi kayendedwe. Amainyamula ili chitsegukire, kupita nayo pakhonde, kubwerera nayo pabalaza, kuiyandikiza pa router mpaka ziwirizo kugundana, maso ali dwii pakona ya m'munsi ya sikirini, pamene dzulo lomweli panali timizere tokhota tija koma lero pakhala kachizindikiro ka dziko kosonyeza kuti intaneti kulibe. Akatopa kuyenda amakhala pansi n'kuyamba kugawa milandu. Woyamba kuulandira ndi wa kampani ya netiweki, amene akuti amangodya ndalama za anthu. Wachiwiri ndi mwana wa m'nyumba, amene anaoneka Loweruka akuonera mpira pa makinawo. Wachitatu ndi mnyamata wa m'tauni amene anagulitsa laputopuyo chaka chatha, yemwe tsopano dzina lake lasanduka wakuba. Onsewa amaweruzidwa asanamvedwe, ndipo kawirikawiri pa atatuwa palibe wolakwa. Chimene chasokoneza zinthu chinabwera usiku, chinalemba poyera pa sikirini kuti musazimitse kompyuta, chinawerenga mapelesenti ake mpaka 100 mwini wake akuona, iye n'kungoyasamula, ulendo wokagona.

Funso limene munthu wotereyu sadzifunsa ndi lalifupi kwambiri, mwina n'chifukwa chake limanyozeka: kodi pakati pa dzulo ndi lero chasintha n'chiyani? Makina sachita nsanje, sasunga mangawa, salodzedwa; akaleka ntchito imene amaigwira dzulo ndiye kuti china chake chasunthidwa, ndipo chosunthidwa chimasiya mapazi. Kampani ya Microsoft imatulutsa zokonza Windows pa Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, ndipo pamene kwawoko kuli m'mawa kuno dzuwa limakhala litalowa kale, n'chifukwa chake madandaulo a kwathu kuno amakonda kumveka Lachitatu kapena masiku otsatira. Palinso update yaikulu imene Windows 11 imalandira kamodzi pachaka, yosanduliza zambiri za m'kati. Wi-Fi ikasowa m'mawa wotsatana ndi usiku wotero, mlandu uyambire pamenepo, mwana wa mpira uja aziyamba wapuma.

Tsono mvetserani, chifukwa apa m'pamene pagona nkhani. M'mimba mwa laputopu muli kakhadi kakang'ono, ka masentimita atatu chabe m'litali, kolumikizidwa ndi tizingwe toonda timene timadutsa pamahinji n'kukwera kuseri kwa sikirini, ndipo kameneko ndi kamene kamagwira Wi-Fi. Dzina lolembedwa pachivundikiro, kaya HP, Dell kapena Lenovo, si la amene anapanga kakhadiko. Iko kamachokera kwa Intel, Realtek, Qualcomm, MediaTek kapena Broadcom, ndipo kali ndi mayankhulidwe akeake amene Windows payokha siyiwamva. Awiriwa ali pabanja, koma banja lawo limayenda chifukwa cha ankhoswe, kapulogalamu kotchedwa driver, kamene kamatenga mawu a uyu kupita nawo kwa uyo, n'kubweza a uyo kwa uyu. Mukudziwa inu zimene zimachitika ankhoswe amene analipo tsiku la chinkhoswe, odziwa kuti mkamwini uyu sachedwa kupsa mtima ndipo mwana wathuyu akakwiya amangoti duu, akachotsedwa usiku n'kuikapo mlendo. Mlendoyo akhoza kukhala wophunzira bwino ndithu, koma mbiri ya banjalo saidziwa. Update imachita zoterezi m'njira ziwiri: mwina imabweretsa driver watsopano wosagwirizana ndi kakhadi kanu, mwina imasiya wakale yemweyo koma Windows yasintha khalidwe moti wakaleyo sakuimvanso. Mwamuna alipo, mkazi alipo, onse ngamoyo, ngathanzi. Wasowa ndi wowayankhulitsa. Nanga banja lotere n'kulithetsa?

Komatu ambiri amalithetsa, ndipo ichi ndicho chimandiwawa. Munthu amathamangira kwa wokonza woyamba amene wamupeza pakhonde la sitolo, wokonzayo n'kuyatsa makina, kudinadina kawiri katatu, n'kunena mawu aja amene amaliza zithunzi za maukwati ndi maphunziro a anthu ambiri: "Bwana, iyi tingofomata." Mwini wake, pofuna intaneti lero lomwe, amavomera ndi mutu, ndipo pofika madzulo Wi-Fi yabwereradi, koma pamodzi ndi vuto lija papitanso kafukufuku wa mwana wa ku koleji amene analibe kope kwina, mabuku a ndalama za gulu la banki m'khonde, zithunzi za agogo amene anatisiya. Madzi akatayika saoleka. Makolo athu, amene kompyuta sanaione, anadziwa kale kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, chifukwa ndodo yolinga khosweyo imaswa mkhate, madzi ake ndi ludzu la nyumba yonse. Okonza odziwa ntchito alipo ndithu, ndipo mudzawazindikira ndi ichi: asanakhudze kanthu amakufunsani kuti vuto linayamba liti, ndiponso ngati mafayilo anu muli nawo kwina.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanatsegule chilichonse tengani foni, muilumikize pa Wi-Fi yomweyo. Foni ikakana nayonso, laputopu isiyeni, ilibe mlandu, nkhani ili pa router kapena pa bandulo. Foni ikalowa bwinobwino, yang'anani pa kiyibodi ya laputopu, mzere wapamwamba uja, mupeze batani la kandege kapena la kanyanga ka wailesi. Ena amalidina ndi chigongono osadziwa, ndipo malaputopu akaleko ali ndi kaswichi m'mbali kamene kamasunthika poilowetsa m'chikwama. Anthu amachita manyazi kuyang'ana zinthu zazing'ono ngati zimenezi, amafuna vuto lawo likhale lalikulu lolingana ndi mkwiyo wawo, koma mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Kenako pali chinthu chimene ambiri amalumbira kuti achita pamene sanachite. Mukawafunsa ngati aizimitsa n'kuyatsanso, amati kambirimbiri, ndipo sakunama, koma anadina Shut down. Chiyambire Windows 8 mu 2012, pali kachitidwe kotchedwa Fast Startup, kamene kamachititsa kuti pozimitsa, kompyuta isunge pa disiki mmene mtima wa Windows ndi madriver ake zinalili, kuti mawa idzadzuke msanga. Ndiye ngati driver anagona wosokonezeka, amadzukanso wosokonezeka, usiku ungatalike bwanji. Batani la Restart ndi limene limachotsa zonse n'kuyambanso pachiyambi. Dinani limenelo, mudikire. Mavuto ambiri a Wi-Fi amathera pomwepa, moti mwini wake amatsala ndi mkwiyo wosowa kopita nawo.

Zikakanika, basi tilowe m'nyumba, pakuti kudziwa mphafa ya buluzi n'kung'amba. Dinani chizindikiro cha Start ndi batani la kumanja la mouse, musankhe Device Manager, mutsegule pamene palembedwa Network adapters, mufufuze dzina lokhala ndi mawu oti Wireless, Wi-Fi kapena 802.11, monga Intel Wi-Fi 6 AX201 kapena Realtek RTL8821CE. Apa makina amayankhula zoona zokhazokha kwa wofuna kumva. Dzinalo likakhala ndi kachizindikiro kachikasu ka makona atatu, lidineni kawiri muwerenge: Code 10 ikutanthauza kuti kachipangizoko kakulephera kuyamba ntchito, Code 43 ikutanthauza kuti Windows yakaimitsa chifukwa kanena kuti kali ndi vuto, pamene Code 28 ikunena kuti driver palibiretu, ndipo zikatero kakhadiko kamakapezeka pansi pa Other devices kakungotchedwa Network Controller, kopanda dzina la kwawo. Lembani nambalayo papepala. Ngakhale mutapita kwa wokonza pambuyo pake, munthu wofika ndi nambala ya vuto lake sanamizidwa ngati wofika ndi mawu oti yangosiya yokha.

Pa tsamba lomwelo pali gawo lolembedwa Driver, losonyeza tsiku ndi nambala ya driver amene akugwira ntchito, ndipo pansi pake pali batani limene ndikufuna mwana aliyense wa m'nyumba muno alidziwe ngati dzina la amalume ake: Roll Back Driver. Limeneli ndilo loitana ankhoswe akale aja kuti abwerere pampando. Achinyamata amaliona mopeputsa, chifukwa m'mitu mwawo chatsopano chilichonse n'chabwino ndipo tsobola wakale sawawa. Amafuna kudina Update driver basi, Windows n'kuwayankha kuti driver wabwino koposa ali kale m'malo, iwo n'kukhulupirira, chonsecho wabwino koposayo ndi amene wathetsa mtendere. Driver wabwino ndi amene akumvana ndi kakhadi kanu, kaya ngwa chaka chino kaya ngwa zaka zisanu zapitazo. Batani lobwezera lija likakhala lotuwa, losadinika, musataye mtima. Dinani Update driver yemweyo, koma musankhe Browse my computer, kenako Let me pick from a list, ndipo nthawi zambiri mudzapeza madriver awiri kapena atatu amene akusungidwabe m'makinamo, yesani wakaleko. Palinso Uninstall device, imene imachotsa kachipangizoko pamndandanda kuti Windows ikalandirenso mwatsopano mukachita Restart. Koma pali kabokosi kofunsa ngati mukufuna kufufutiratu driver weniweniyo. Musakachonge muli opanda wina m'manja, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Apa wina afunsa, ndipo ndi funso la nzeru, kuti driver wina ndikamutenga bwanji pa intaneti pamene vuto langa ndi intaneti yomweyo. Khomo la Wi-Fi likatsekeka, nyumba imakhala ndi makomo ena. Laputopu ikakhala ndi bowo la chingwe cha netiweki, ilumikizeni ku router ndi chingwe. Ikakhala ilibe, foni ya Android imatha kupereka intaneti yake kudzera pa chingwe cha USB: mukailumikiza, pitani pamene pali za hotspot muyatse USB tethering, ndipo laputopu idzalandira intaneti popanda kudalira kakhadi kodwala kaja. Chingwe chikhale chonyamula deta, chifukwa zina zotsika mtengo n'zotchajira chabe. Ndikutsineni khutu pano, poti wakutsina khutu ndi mnansi: Windows ikaona intaneti ya pachingwe imayesa kuti njaulere, imayamba kutsitsa zonse zimene inkazilakalaka, bandulo ya sabata n'kutha tiyi asanazizire. Mukangolumikiza, pitani pa Settings muyatse Metered connection kuti idziwe kuti pano pali chowerengera. Njira ina ndi yakalekale ija, kupita kwa mnansi amene kompyuta yake ili bwino, kutsitsa driver pa fulashi, kubwera naye m'thumba. Mutu umodzi susenza denga.

Kumene mukamutenge driver nakonso n'kofunika kulingalira. Mukalemba vuto lanu pa Google, patsogolo penipeni pamabwera mapulogalamu a mabatani obiriwira olonjeza kukonza madriver onse ndi kudina kumodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: ambiri a iwo amakuopsezani ndi mndandanda wautali wa mavuto amene mulibe, kenako amafuna ndalama, ndipo ena amalowetsa zonyansa zoposa vuto limene munabwera nalo. Pitani kwa eni ake. Pansi pa laputopu pamakhala nambala yake, imene a Dell amaitcha Service Tag ndipo a HP ndi a Lenovo amati serial number. Mukailemba pa webusaiti ya kampaniyo mudzapatsidwa madriver a makina anu enieniwo. Chovuta n'chakuti laputopu za dzina limodzi zimatha kukhala ndi makhadi osiyana, ina Intel ina Realtek, makamaka zogwiritsidwapo kale ntchito zimene ambirife timagula, zimene zadutsa m'manja ambiri tisanazione. Safunsa adadya phula. Funsani kakhadiko komwe: mu Device Manager muja, pa gawo la Details, sankhani Hardware Ids, muwerenge zilembo zinayi zotsatira VEN. Mukaona 8086 ndi Intel, 10EC ndi Realtek, 14E4 ndi Broadcom, 168C ndi Qualcomm Atheros, 14C3 ndi MediaTek. Zilembo zimenezi zimaoneka ngakhale driver atasoweratu, chifukwa zinalembedwa m'kachipangizo momwemo.

Chimene ndimachiona kawirikawiri, ndipo chimandiseketsa ndi kundimvetsa chisoni nthawi imodzi, ndi munthu amene wamva malangizo asanu kwa anthu asanu n'kuwachita onse nthawi imodzi. Wasintha driver, wazimitsa antivirus, walemba malamulo achilendo pa sikirini yakuda amene wawaona pa YouTube, wadinanso kabatani kobwezeretsa router mmene inachokera ku sitolo, ndipo tsopano ngakhale mafoni a m'nyumba yonse sakulowa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Wi-Fi ikabwerera sadziwa chimene chachiritsa, ndipo mwezi wamawa ikasowanso amayambiranso ulendo wonse. Ikapanda kubwerera, ali ndi mavuto asanu m'malo mwa limodzi. Sinthani chinthu chimodzi, chitani Restart, yesani, lembani. Ngati Wi-Fi imagwira koma imathawa laputopu ikagona n'kudzuka, onani ngati kakhadi kanu kali ndi gawo la Power Management, muchotse chilolezo chakuti Windows izikazimitsa posunga batire. Network reset, imene ili mu Settings, ibwere mochedwa, ndipo musanaidine onetsetsani kuti pasiwedi ya Wi-Fi mukuidziwa, chifukwa imaiwalitsa makina manetiweki onse amene anawasunga. Nyumba zambiri pasiwedi anaika ndi mlamu amene pano ali ku Johannesburg.

Zonsezi zikalephera, update yeniyeniyo imabwezedwa kumene yachokera. Yaing'ono ya pamwezi imachotsedwa pa Windows Update, pansi pa Update history, pamene palembedwa Uninstall updates. Yaikulu ija ili ndi khomo lake pa Recovery lotchedwa Go back, koma khomo limeneli limakhala lotsegula masiku 10 okha, kenako Windows imafufuta foda ya Windows.old mmene munasungidwa zakale. Ena amaifufuta okha tsiku loyamba poona kuti ikudya malo. Ena amati ndiona kumapeto kwa mwezi ndikalandira, akubwerekabe laputopu ya mnzawo, masiku n'kumapita. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mukabweza, imitsani ma update kwa kanthawi, Windows imalola mpaka masabata asanu, kuti eni kakhadi ndi eni Windows apeze mpata wogwirizana.

Ana anga a Ubuntu ndi Linux Mint, musamwetulire, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kwanuko zimachitika kernel ikasinthidwa, makamaka pa makhadi a Broadcom ndi ena a Realtek amene driver wake amayenera kumangidwanso nthawi iliyonse kernel yatsopano ikabwera. Mwayi wanu ngwakuti kernel yakale imakhalapobe: poyatsa makina tsegulani GRUB, musankhe Advanced options, mulowe ndi yadzulo ija, ndipo lamulo la rfkill list lidzakuuzani ngati Wi-Fi yatsekedwa ndi swichi kapena ndi pulogalamu.

Pali gulu lina limene likalumidwa kamodzi limalumbira kuti update sidzalowanso m'makina awo mpaka kalekale. Ndimawamvetsa, koma sindigwirizana nawo. Mu May 2017 kachilombo ka WannaCry kanatseka makompyuta m'maiko oposa 150, zipatala za NHS ku Britain mpaka kubweza odwala, chonsecho Microsoft inali itatulutsa chotsekera bowo limenelo mu March chaka chomwecho. Amene anagwidwa ndi amene anali asanachilandire. Walira mvula walira matope, koma palibe mlimi amene amapempha chilala chifukwa chodana ndi matope. Chofunika n'kukonzeka, monga nkhanga zinapangana kusanapse: lero lomwe Wi-Fi ikugwira, tsitsani driver wake musunge pa fulashi, koperani mafayilo ofunika kwina, ndipo update yaikulu muziilola batire ili yodzaza, poti magetsi akathima ntchito ili pakati zimene zimatsala sizikhala zakale kapena zatsopano. Nkhani imeneyi yakula tsopano chifukwa Windows 10, imene inatuluka mu 2015, inafika pamapeto a chisamaliro chake cha nthawi zonse pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka TPM 2.0 ndi purosesa yosakalamba, pa za Intel kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu. Anyamata ochenjera amadziwa kuikakamiza pa laputopu zakale, ndipo imalowadi, koma kakhadi ka Wi-Fi ka m'makina otero mwina eni ake analeka kalekale kukalembera driver watsopano. Wokuikirani Windows 11 mwanjira imeneyo mufunseni za ichi asanalandire ndalama.

Tsono nthawi zina, ana anga, mumatsegula Device Manager n'kupeza kuti dzina la kakhadi kulibe, pa Network adapters palibe, pa Other devices palibe, ngakhale mutasankha Show hidden devices limangooneka lofuwa ngati chinthu chimene chinalipo kale. Apa nkhani yachoka kwa driver. Zimitsani makina, zulani chaja, chotsani batire ngati ndi yochotseka, mugwire batani loyatsira kwa masekondi pafupifupi 30 kuti mphamvu yotsalira ithe, chifukwa kakhadi kamatha kukakamira m'tulo tosadzuka ndi Restart wamba. Mukayatsa, lowani mu BIOS muone ngati Wireless sinazimitsidwe kumeneko. Kakapanda kuonekabe, pamenepo m'pamene wokonza amayenera ndalama yake, atsegule pansi aone ngati kakhadi kasukusika pamalo pake, ndipo ngati manetiweki amaoneka mukayandikira router pokha, aone ngati kachingwe ka mlongoti kazuka kapena kaduka pahinji. Pa laputopu zambiri kakhadi kameneka kamamangidwa ndi sikuluu imodzi ndipo kamasinthika, ngakhale pa zina zopyapyala za masiku ano kanawotcheredwa pa bolodi. Kakakhala kowotcherera, kapena thumba likakhala lopepuka mwezi umenewo, pali ka Wi-Fi ka USB kochepa ngati chikhadabo, kolowetsa m'mbali, kamene kamagwira ntchito yomweyo. Pogula, muyese m'sitolo momwemo pa laputopu yanu, chifukwa nakonso kamafuna driver wake, ndipo mitundu ina imabwera naye pa CD pamene laputopu zambiri za lero zilibe poikapo CD.